WINDOWS 10 YATSALA YOPANDA MLONDA: KODI MAOFESI ALOWERE KUTI?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu imene yakhala ikuyendetsa makompyuta miyandamiyanda kuyambira mu 2015. Nkhani imeneyi ikhudza maofesi, masukulu ndi masitolo a m'dziko lino, pakuti makina ambiri a m'malo amenewa ndi akale, ndipo ena anafika kuno atagwira kale nchito kunja.

Kompyuta iriyonse iri ndi pulogalamu imodzi yaikulu yonga kapitao, imene imalamulira mapulogalamu ena onse. Akapitao ochuka alipo atatu: Windows ya Microsoft, macOS ya kampani ya Apple, ndi Linux imene inayambidwa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Ofuna kusankha pakati pa atatuwa ayenera kuyang'ana citetezo, kusunga cinsinsi, ndi nchito ya tsiku ndi tsiku.

CITETEZO

Palibe pulogalamu yopanda ziboo. Mbava za pa intaneti zimafunafuna ziboozo usana ndi usiku, ndipo eni pulogalamu amatumiza zigamba zozitsekera. Kompyuta ya Windows 10 ikali kuyaka monga kale, koma ciboo catsopano cikapezeka sicitsekedwa, kupatula kwa iwo amene analembetsa pa makonzedwe a kanthawi olandirira zigamba zoonjezera.

Kuopsa kwace kunaoneka mu Meyi 2017, pamene kacirombo ka WannaCry kanamanga makompyuta m'maiko oposa 150 ndi kulamula eni ace kulipira dipo. Ku England zipatala zina zinabweza odwala. Comvetsa cisoni ndi cakuti cigamba cotseka ciboo cimeneco cinali citatuluka kale mu Malichi, koma ambiri anazengereza kuciika. Zambia nayo siiri patali ndi zotere: mu Meyi 2022 Bank of Zambia inalengeza kuti makina ace ena anasokonezedwa ndi mbava za pa intaneti.

Windows ndiyo imalondedwa kwambiri cifukwa ndiyo iri pa makompyuta ambiri. Mbala imapita kumene kuli nkhokwe zambiri. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, iri ndi mpanda wolimba kuposa mkulu wace, koma imafuna kacipangizo kochedwa TPM 2.0 ndi makina atsopanoko, motero makompyuta ambiri amene akali amphamvu amakanidwa. MacOS imayamba yafufuza pulogalamu yacilendo isanailole kutseguka. Linux iri ndi ubwino wakuti malembedwe ace ali poyera, ndipo katswiri aliyense angathe kuwapenda. Komabe mu Malichi 2024 kunapezeka khomo lobisika limene munthu wina anaika mwadala m'kapulogalamu ka xz, kamene mitundu yambiri ya Linux imagwiritsa nchito. Analitulukira ndi Andres Freund, katswiri wolembedwa nchito ndi Microsoft, lisanafalikire.

CINSINSI

Pa nkhani iyi kusiyana ndi kwakukulu. Windows 11 ya pa nyumba imafuna kuti mwini wace alembetse dzina ku Microsoft poiyamba, ndipo imatumiza ku kampaniyo malipoti a mmene makina akuyendera, ena a iwo osatheka kuwaletsa. Mu 2024 Microsoft inalengeza cipangizo ca Recall, cojambula zimene munthu akucita pa kompyuta kuti adzazipeze mosabvuta. Akatswiri anadandaula kwambiri, kotero kuti kampaniyo inaimitsa ciyambi cace, nicikonza kuti cizigwira nchito pokhapokha mwini atabvomera.

Apple imafunsa cilolezo isanatenge malipoti otere, koma malembedwe ambiri a macOS ndi obisika, ndipo wogula amangokhulupirira mau a kampani. Mitundu yambiri ya Linux siifuna dzina la munthu, ndipo malipoti amene ena amatumiza angathe kuletsedwa. Zimenezi ndi zofunika kwa akalaliki osunga maina a odwala, ana a sukulu ndi alimi, popeza lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo woteteza mbiri ya munthu pa woisungayo.

NCHITO YA TSIKU NDI TSIKU

Apa Windows ndiyo iri patsogolo. Anthu anaizolowera, amisiri oikonza ndi osasowa, ndipo mapulinta ndi mapulogalamu ambiri owerengera ndalama anapangidwira iyo. MacOS ndi yosabvuta kuphunzira, koma imaloledwa pa makina a Apple okha, amene mtengo wace suli wa sukulu ya kumudzi.

Linux ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Mitundu yonga Linux Mint ndi Ubuntu (Ubuntu inayambidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa) ndi yokwanira polemba makalata, kuwerengera ndi kutsegula intaneti. Cobvuta ndi cakuti Microsoft Office ndi Photoshop siziikidwa pamenepo mwacindunji, ndipo kalata yolembedwa ndi LibreOffice nthawi zina imasintha maonekedwe ikafika kwa mnzace wa Word. Mzinda wa Munich ku Germany unasamutsira makompyuta ace ku Linux, koma mu 2017 khonsolo yace inagamula zobwerera ku Windows. Cigawo ca Schleswig-Holstein, m'dziko lomwelo, cinagamula mu 2024 kusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux, pang'onopang'ono.

COYENERA KUCITA

Dzina la pulogalamu silichinjiriza munthu. Comuchinjiriza ndi zigamba zofika pa nthawi yace. Cotero mkulu wa ofesi ayenera kuwerenga makina ace onse. Amene angathe kulandira Windows 11 aikidwe msanga. Amene akanidwa, koma nchito yao ndi makalata ndi intaneti, asatayidwe ku dzala: aikidwe Linux, ndipo anchito aphunzitsidwe asanasamutsidwe. Amene ayenera kukhalabe pa Windows 10 kaamba ka pulogalamu yapadera acotsedwe pa intaneti. Koposa zonse, makope a mafaelo ofunika asungidwe pa malo ena, pakuti madzi akatayika saoleka.