Disiki imodzi ikafa, inzake ili kale pamzele

Mu Lusaka muno muli kabokosi kena kamene kayamba kupezeka m'nyumba zina, olo m'makomboni. Kamaoneka monga kawailesi kopanda sipika, kamakhala pafupi na router, ndipo mkati mwake muli ma hard disk awili kapena anayi. Odziwa makompyuta amakachula kuti NAS. Amene amakagula kwambili ni eni ma studio a zithunzi ku Chawama na ku Matero, anyamata ojambula mavidiyo a maukwati na ma kitchen party, ma DJ, a media m'machalichi, na mabanja amene atopa na kusowa kwa ma flash. Nchito yake ni kusunga mafailo onse pamalo amodzi, kuti foni, laptop na TV zizitapa pamenepo.

Lelo nifuna tikambilane za tsiku limene kabokosi aka kayamba kulila na kuonetsa laiti yofiila kapena ya orange. Ngati imwe mulibe kabokosi, musaseluke pano. Vidiyo ya ukwati wanu, zithunzi za cilanga mulilo, olo za graduation ya mwana wanu, mwina zili pa kabokosi ka munthu wina amene laiti yake yakhala yofiila kwa miyezi iwili.

Maganizo anga ni akuti disiki ikafa ifunika kusinthidwa sabata imeneyo, na disiki yatsopano, ndipo mukalibe kugwila screwdriver muyambe mwakopela zinthu zofunika kwina. Kuyembekeza month end yaciwili kapena yacitatu ni njuga.

Tubokosi tambili ta madisiki awili, monga ta Synology, QNAP na WD, tumaikidwa m'njila yochedwa RAID 1. Ciliconse cimene mwasunga cimalembedwa pa madisiki onse awili nthawi imodzi. Imodzi ikafa, mafailo amatsegukabe kucokela pa inzake. Apa m'pamene anthu amapusitsika. Aona kuti nyimbo zikali kulila, zithunzi zikali kutseguka, basi azima ka alamu kaja na kupitiliza umoyo.

Imwe amene mumakwela Rosa mudziwa kuti kumbuyo ili na matayala awiliawili. Limodzi likaphulika basi imayendabe. Koma dalaivala amene apitiliza kupakila anthu kucoka ku Kulima Tower mpaka ku Chelston tsiku lonse pa tayala limodzi, mungamukhulupilile? Katundu yense wa matayala awili ali pa limodzi, ndipo lija latsala ni lakale cimodzimodzi na limene laphulika.

Ni mmene zilili na madisiki. Kambili onse awili anagulidwa tsiku limodzi, ni a mtundu umodzi, ndipo azungulila maola ofanana m'kutentha kofanana. Mkati mwa disiki muli tumbale tumene tumazungulila maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mineti imodzi. Caka cimodzi cili na maola 8,760, conco kabokosi kamene sikazima kwa zaka zinayi kapitilila maola 35,000. Ikani pamenepo fumbi la mu August, kutentha kwa mu October m'nyumba ya malata, na malaiti ongoyenda na kubwela. Disiki yotsalayo ni nkhalamba, ndipo manje isewenza yokha.

Mlamu wanga ali na ka studio m'komboni ina kuno. Laiti itafiila pa kabokosi kake anati, "Mlamu, vonse vikali kuseguka, nizagula ikabwela ndalama ya wedding ya December." N'namufunsa kuti ni maukwati angati ali mkati mmenemo amene eni ake akalibe kutenga. Anawelenga pa zala, zala zinatha. Tsiku lomwelo anabweleka external kwa mnzake. Zimene tinacita pambuyo pake n'zimene nikuuzani apa, mwa dongosolo lake.

Coyamba, kopelani. Anthu ambili amathamangila kuika disiki yatsopano, osadziwa kuti nthawi yoopsa kwambili ni imeneyo. Mukaika yatsopano, kabokosi kamayamba nchito yochedwa rebuild: kamawelenga disiki yakale ija kucoka poyambila mpaka pothela, na kulemba zonse pa yatsopano. Disiki ya 4TB, olo iziwelengedwa pa liwilo labwino la 150MB pa sekondi, ifunika maola opitilila 7, ndipo kambili zimatenga nthawi yaitali kuposa pamenepa. Ngati nkhalamba ija ili na malo owonongeka amene sanaonekele, ni pa ulendo uwu pamene amatulukila. Conco mukalibe kuyamba rebuild, tengani external, kopelani zimene simungazipezenso kwina: zithunzi za banja, nchito za makasitomala, mapepala a nyumba na a sukulu. Mafilimu na ma series asiyeni, amenewo mungawapezenso.

Caciwili, dziwani bwino disiki imene yafa. Lowani pa peji ya kabokosi pa kompyuta, pa mbali yoyang'anila madisiki. Idzakuuzani kuti ni Drive 1 kapena Drive 2, na serial number yake. Lembani nambala imeneyo pa pepala, ndipo mukatulutsa disiki linganizani na imene ili pa sitika. Kutulutsa yamoyo na kusiya yakufa ni ngozi imene imacitika kwa anthu othamanga, ndipo coipa kwambili ni kuvomela kabokosi kakakufunsani za format musanawelenge. Tubokosi twina tumalola kusintha disiki tuli toyaka, twina tufunika kuzima coyamba. Ngati simudziwa kanu ni ka mtundu uti, kazimeni bwinobwino kupitila pa peji yake, osati kuzula cingwe ku khoma.

Cacitatu ni kugula, ndipo apa m'pamene ine na anyamata a m'tauni tidzasiyana. Yatsopano ifunika kukhala yolingana na yakufa kapena yaikulu kuposa, yaing'ono ikanidwa. Mukayenda m'ma shop a makompyuta ku Town Centre, mu Cha Cha Cha na mu Freedom Way, mudzapeza madisiki ochipa maningi. Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Ba boss, iyi ni ex-UK, ili monga new." Ena akamba zoona, ndipo pa kompyuta yosewelela magemu disiki ya salaula ilibe mlandu. Koma kuika salaula pambali pa nkhalamba n'kuika odwala awili pa bedi imodzi kuti azisamalilana.

Ubwino wake disiki imasunga mbili yake yokha. Ili na kaundula wochedwa SMART. Pulogilamu yaulele monga CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disiki yakhala yoyaka na malo owonongeka amene yabisa. Uzani wogulitsa aiike pa kompyuta muone na maso anu. Ngati akuti ni yatsopano koma ionetsa maola masauzande, bwezani. Ngati akana kuiyesa, mwayankhidwa kale. Manambala awa anthu ocenjela amakwanitsa kuwafafaniza, conco tenganinso serial number muione pa webusaiti ya kampani imene inapanga disikiyo ngati warranty ikalipo, ndipo lisiti musaisiye. Onaninso ya disiki yakufa ija. Madisiki opangidwila tubokosi utu, monga WD Red Plus na Seagate IronWolf, amabwela na warranty ya zaka zitatu.

Pali cina cimene ogulitsa ambili sakamba. Madisiki ena amalemba m'njila yochedwa SMR, ena CMR. A SMR amacedwa kwambili akapatsidwa zolemba zambili nthawi imodzi, ndipo rebuild ni nchito yotelo. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red anali a SMR popanda kulembapo poonekela, ogula anadandaula, ndipo kampaniyo inatulutsa dzina la Red Plus la madisiki a CMR. Imwe funsani cabe kuti, "Ni CMR?" Wogulitsa akayang'ana kumwamba, sakilani model number pa foni yanu.

Cacinayi cikhudza ife a m'mabasi. Disiki imaopa kugunda kuposa mazila. Musaiike m'thumba la kumbuyo, ndipo musalole kondakita aiponye pansi pa mpando pamodzi na masaka a makala. Isiyeni mu pulasitiki yake yonyezimila ija, ikulungeni na juzi kapena citenge, muinyamule pamiyendo. Ma hump na migodi ya m'misewu yathu ingathe kuipha ikalibe kufika kunyumba.

Cacisanu ni malaiti. Tonse tikumbuka 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, boma n'kulengeza mu February kuti ni tsoka la dziko, ndipo load shedding inafika pakuti maola a mdima anaposa maola a malaiti. Nchito ya maola 7 kapena 10 siifuna kudulidwa pakati. Tubokosi tambili tumakwanitsa kupitiliza kapena kuyambanso, koma kuzima mwadzidzidzi na kubwela kwa malaiti mwamphamvu ndiko kumatsiliza disiki yodwala. Yambani rebuild malaiti akangobwela, kapena nyamulani kabokosi kali kozima mupite nako kwa wacibale amene ali na solar na inverter. Ngati mungakwanitse, gulani ka UPS kokhala na cingwe ca USB. Sikasunga moto usiku wonse, koma kamauza kabokosi kuti kazime mwaulemu batili ikalibe kutha. Pamene rebuild icitika, ana aleke kuonelela makatuni kucokela pamenepo.

Disiki yakufa nayo musaitaye pa cishala kapena kuigulitsa kwa anyamata ogula zakufa. Kufa kwake sikutanthauza kuti zonse zafafanizika. Munthu wodziwa angatulutsemo zithunzi, makope a ma NRC na ma payslip a makasitomala anu. Zambia ili na lamulo la Data Protection Act la mu 2021, ndipo wa bizinesi amene asunga zinthu za anthu ena ali na udindo pa izo. Ngati warranty inatha, ibooleni na drill kapena iphwanyeni na hamala.

Nidziwa zimene ena mukamba mumtima: "Iwe mtolankhani, unga wadula, basi yadula, lendi ili pakhomo, ndipo ufuna nigule disiki ya masauzande a kwacha sabata ino?" Ni zoona, ndalama ni yovuta, ndipo sin'ngauze munthu kuti atenge kaloba cifukwa ca kabokosi. Ngati ndalama kulibe, pali njila ya mahala: kopelani zofunika, ndiyeno zimani kabokosi mpaka mukagule. Disiki yozima siikalamba monga yozungulila. Cimene nikana ni kupitiliza kukasewenzetsa usana na usiku laiti ili yofiila. Ndipo kwa amene adyela pa kabokosi, disiki ni mtengo wa bizinesi monga mmene tayala lilili kwa mwini basi. Kutulutsa mafailo mu disiki yakufa kwa akatswili kumadula kuposa disiki yatsopano, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti zonse zidzabwela. Mungabweze ndalama kwa mkwatibwi, koma simungaitanenso anthu kuti abwele avine kaciwili.

Olo mutasintha disiki bwinobwino, musagone tulo kuti muli na backup. Madisiki awili aja amatengelana zonse, zabwino na zoipa. Mwana akafafaniza foda, imafafanizika pa onse awili. Kawalala akalowa amanyamula kabokosi konse. Madzi a mvula akalowa m'nyumba, monga zimacitikila ku Kanyama, sasankha Drive 1 kapena Drive 2. Mu June 2021, anthu ambili okhala na WD My Book Live m'maiko osiyanasiyana anauka n'kupeza zonse zafafanizidwa na akuba a pa intaneti. Mu 2022, pulogilamu yoipa yochedwa DeadBolt inakhoma mafailo pa tubokosi ta QNAP na kufuna dipo. Disiki yaciwili siikanathandiza pa zonsezi.

Odziwa amakamba za 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwili, ndipo imodzi ikhale kunja kwa nyumba. Kwa ife zingatanthauze kabokosi, external imene mumasunga kwa amai ku Mtendere na kuibweletsa kamodzi pamwezi, komanso zithunzi zofunika kwambili pa Google, imene imapatsa 15GB yaulele. Bundle imodzi ya usiku ingakweze mapepala onse a banja.

Imwe amene mulibe kabokosi, nchito yanu ni iyi. Ngati munajambulitsa ukwati, maliro kapena graduation, pitani mukatenge kope yanu yonse pa flash yanu, osati tuvidiyo tofinyidwa twa pa WhatsApp. Ndipo mukalibe kulipila deposit kwa wojambula wina, mufunseni kuti amasunga kuti nchito zake, ndipo disiki yake ikafa lelo, kope ina ili kuti. Wojambula wabwino adzayankha mosavuta. Amene adzaseka na kukamba kuti "osadandaula, vili safe", muuzeni akuonetseni mtundu wa laiti pa kabokosi kake.