Mawu 50,000 awelengedwa, nanga nkhaniyo waiwelenga ndani?

October akamatha, anzanga olemba amagwidwa na matenda amodzi-modzi caka ciliconse. Wina amayamba kufunsa kuti, “November wafika, ndani alowa?” Kulowa kumene akukamba ni mpikisano uja wolemba buku lathunthu la nthano m’mwezi umodzi, mawu 50,000 m’masiku 30, kutanthauza mawu 1,667 tsiku lililonse. Ine n’nalowako katatu. Kawili n’nagwela panjila mlungu waciwili usanathe. Kacitatu n’nafika. Fayilo imeneyo ikali mu laputopu yakale imene batile yake inafa, ndipo palibe munthu anaiwelengapo, olo ine mwiniwake sin’naitsegulenso. Conco musaganize kuti ninyoza masewela amene sin’nasewelepo.

Mwambowu unayambila kudela la San Francisco mu July 1999, pamene Chris Baty na anzake, onse pamodzi anthu 21, anagwilizana kuti ayese kulemba buku aliyense lake mwezi usanathe. Anaucha NaNoWriMo. Caka cotsatila anausamutsila ku November, cifukwa kwawoko ni nthawi ya mphepo na mdima wofulumila, anthu amakhala m’nyumba alibe kopita. Unakula mpaka kukhala bungwe, na anthu masauzande ambili olembetsa caka na caka m’maiko osiyana-siyana. Ndiyeno pa 31 March 2025 bungwelo linalengeza kuti likutseka, ndalama zinatha ndipo anthu ambili anali ataleka kulikhulupilila. Koma mwambo wakewo sunafe. Anthu akali kuucita paokha, ndipo kuno kwathu tikali kuukopela mmene ulili, osafunsa ngati nsapatoyo ni saizi yathu.

M’Cinyanja tili na liwu limodzi logwila nchito ziwili: kuwelenga. Timawelenga mbuzi zikalowa m’khola, ndipo timawelenga kalata yocokela kumudzi. Vuto langa lonse na mpikisanowu lili m’liwu limeneli. Kwa zaka zambili, kuti munthu achedwe wopambana, anali kuika zolemba zake m’makina owelenga kuculuka kwa mawu. Makinawo akapeza 50,000, setifiketi inali kutuluka. Panalibe munthu woyang’ana ngati nkhaniyo ili na mutu kapena mcila. Ukanalemba liwu limodzi lomwelo maulendo 50,000, ukanapambana ndithu. Kumeneko ni kuwelenga kwa m’busa wa mbuzi, ndipo kumaphunzitsa wolemba khalidwe loipa: kufufumitsa. Nikumbukila bwino usiku wina n’napangitsa anthu awili m’nkhani yanga kupatsana moni wa masamba atatu, kufunsana za ana, za mvula, za agogo, cabe cifukwa n’nali kupelewela mawu 600 ndipo tulo tunali kunigwila.

N’cifukwa cake sin’nadabwe na zimene zinacitika mu 2024, pamene bungwelo linatulutsa cikalata cokamba kuti silivomeleza kapena kutsutsa kulemba mothandizidwa na AI, ndipo linawonjezela kuti kuitsutsilatu n’kupondeleza osauka na olemala. Olemba ochuka monga Daniel José Older na Maureen Johnson anatula pansi udindo m’komiti yake ya olemba. Anthu anakwiya ngati kuti bungwelo lapanduka, koma ine niona kuti linangofika kumene njila yake inali kupita kuyambila kale. Ngati copimila cako ni kuculuka kwa mawu, uli na cifukwa canji cokanila makina amene angalavule mawu 50,000 iwe ukali kuwilitsa madzi a tiyi?

Kwa ife olemba m’Cinyanja pali msampha wina umene sitiukamba. Nambala ya 50,000 inapimidwa pa Cizungu. Tengani liwu lathu limodzi lakuti “sitidzakuuzaninso”. Mzungu afunika mawu 6 kuti akambe zomwezo. Cinenelo cathu cimamanga wocita, nthawi, wocitilidwa na kukana m’thumba limodzi. Conco wolemba Cinyanja amene wadziikila mawu 1,667 pa tsiku wasenza katundu wolemela kuposa wa mnzake wa ku California, koma onse apimidwa pa sikelo imodzi. Zotulukapo zake nimaziona: anzanga amene amalota m’Cinyanja amathawila ku Cizungu pa 1 November, cifukwa kumeneko nambala imathamanga.

Za mweziwo sinidzatalikitsa. November kuno ni mvula yoyamba, kufuna mbewu na feteleza, mayeso a ana, na kulemba mapepala kwa amene ni aphunzitsi. Amene anali kuno mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, adziwa kuti malaiti anali kubwela maola ocepa pa tsiku, kawili-kawili pakati pa usiku. Mwezi umene anausankhila anthu osowa cocita ni umene ife timasowa nthawi yopuma.

Nidziwa cimene muniyankhe, cifukwa nimacimva caka ciliconse. Mudzachula Water for Elephants ya Sara Gruen na The Night Circus ya Erin Morgenstern, mabuku amene anayambila mu mpikisano umenewu n’kugulidwa padziko lonse. N’zoona. Koma buku la Morgenstern linatuluka mu 2011, patapita zaka zingapo akuligwetsa na kulimanganso, ndipo kumapeto kwake kunali ejenti, mkonzi na kampani yaikulu ya ku New York yolisindikiza. Mwezi umodzi uja unali cabe kuumba njelwa. Kwawoko woumba njelwa adziwa kuti omanga aliko. Nanga iwe wa ku Matero kapena ku Katete, ukatsiliza mawu ako 50,000 a m’Cinyanja pa 30 November, pa 1 December uwapeleka kwa ndani? Osindikiza ambili kuno amakhalila mabuku a sukulu, cifukwa ndiwo ali na wogula wotsimikizika. Sitisowa anthu otha kudzaza masamba. Tisowa zinthu zotsilizika zimene zafika m’manja mwa munthu wina.

Apa m’pamene nifuna tiyang’ane kwa anthu ena a ku America komweko, amene sitiwakopela: opanga makomiki aang’ono, tumabuku twa nthano zojambula tumene munthu amalemba, kujambula, kusindikiza na kugulitsa yekha kapena na anzake awili-atatu. Nawonso 2025 inawaluma. Mu January, Diamond Comic Distributors, kampani imene kwa zaka zambili inali pafupi-fupi njila yokhayo yofikitsila makomiki m’masitolo a ku America, inapita kukhoti kukavomela kuti nkhongole zaikulila. Osindikiza aang’ono ambili anapeza kuti mabuku awo atsekeledwa m’nyumba zosungila katundu za kampaniyo, ndipo anayamba kulimbana m’khoti kuti asagulitsidwe pobweza nkhongole za eni ake. Umoyo wawo si wa uci. Koyama Press ya ku Toronto, imene inali kulemekezedwa kwambili, inatseka mu 2021. Koma onani kusiyana kwake. Pamene NaNoWriMo inagwa, anthu ake anatsala na mafayilo. Pamene Diamond inagwa, wa makomiki anatsala na katoni ya mabuku pansi pa bedi, tebulo lopinda na luso lodziwa kuyang’ana wogula m’maso.

Luso limenelo n’lakale. Mu 1984 Kevin Eastman na Peter Laird anatenga ndalama za msonkho zimene boma linabweza, n’kuwonjezela nkhongole kwa amalume a Eastman, na kusindikiza makope pafupi-fupi 3,000 a kabuku ka masamba 40, kopanda mitundu, ka akamba anayi odziwa nkhondo. Ni Teenage Mutant Ninja Turtles imeneyo. Kampani yawo anaicha Mirage, kutanthauza cinthu cooneka ngati cilipo koma kulibe, cifukwa ofesi yawo inali cipinda cocezela m’nyumba imene anali kukhala. Sinikamba kuti aliyense wosindikiza yekha adzalemela ngati iwo, uwo unali mwayi wa kamodzi. Citsanzo cimene cimanigwila mtima ni ca Jeff Smith, amene anatulutsa Bone kacigawo-kacigawo, tumabuku 55 kucokela mu 1991 mpaka 2004, tambili mwa ito kupitila m’kampani yake-yake ya Cartoon Books. Nkhani yonse ikaikidwa pamodzi ipitilila masamba 1,300. Sanailembe mwezi umodzi n’kuibisa. Kacigawo kalikonse kanali kutuluka kotsilizika, anthu n’kukagula, n’kumuuza zimene aganiza, iye n’kupitiliza.

Nawonso ali na mpikisano wawo wothamanga, ndipo kuulinganiza na wathu uja kumaonetsa zonse. Mu 1990 Scott McCloud anatokosa mnzake Stephen Bissette, wojambula waluso koma wocedwa, kuti apange komiki ya masamba 24 m’maola 24 otsatizana. Lamulo lake n’lakuti zonse zithele m’maola amenewo: nkhani, zithunzi, inki, mawu. Wochi ikalila, cimene uli naco ni kabuku kamene ungakapange fotokope m’mawa mwake n’kupatsa munthu. Kangakhale koipa, koma kali na ciyambi na mapeto. Ndipo ku Small Press Expo, msika wa makomiki aang’ono umene umacitika ku Bethesda m’cigawo ca Maryland kuyambila mu 1994, mphoto yawo ya Ignatz ni njelwa yeni-yeni, ndipo opambana amasankhidwa na mavoti a anthu, osati makina. (Dzinalo ni la khoswe wa m’katuni yakale ya Krazy Kat amene anali kukonda kuponya njelwa. Ine ningakonde njelwa yotelo pa shelefu kuposa setifiketi yanga ija.)

Conco November uno, ngati mufuna mpikisano, nayi nchito. Mapepala anayi a A4, osindikizidwa mbali zonse na kupindidwa pakati, amapanga kabuku ka masamba 16. Masamba afunika kukhala 8, 12, 16, 20, nambala yogawika na 4, cifukwa pepala lililonse limabala masamba anayi. Pokonza, tsamba 16 limakhala pambali pa tsamba 1, kuseli kwake 2 na 15, pepala lotsatila 14 na 3, motelo mpaka pakati. Pindani mapepala opanda kanthu coyamba, lembani manambala, kenako muwatambasule, mudzaona mmene akhalila. Stepula wamba siifika pakati pa pepala, koma ya mkono wautali imapezeka m’masitolo a zolembela, ndipo ikasowa, singano na ulusi zimagwila. Mlungu woyamba lembani. Waciwili patsani anthu awili osakuopani kuti awelenge, mmodzi akhale wosadziwa zolemba-lemba, monga amayi ogulitsa tomato amene amamvetsela masewelo pa wailesi. Wacitatu konzani. Wacinayi pangani makope 30, lembani mtengo pacikuto, muyende nawo ku chalichi, ku saluni, m’cipinda ca aphunzitsi, pa siteshoni. Musagawe mahala. Munthu akatulutsa ndalama yake, olo yocepa, amawelenga, ndipo akanyansidwa amakuuza.

Wina adzati sadziwa kujambula. Sinikuuzani kuti mukhale wojambula, nikuuzani kuti mubeleko njila yawo. Masamba 16 a mawu okha-okha ni nthano yaifupi yabwino, kapena mutu woyamba wa buku lanu lalikulu lija. Ndiponso m’sukulu iliyonse ya sekondale muli mwana amene amadzaza kumbuyo kwa makope ake na zithunzi, wosowa nkhani yoti ajambule. Mupezeni, mugawane naye ndalama, dzina lake likhale pacikuto.

Wina adzati buku lalitali silingadulidwe tuzidutswa. Amene anakula akumvetsela Poceza m’Madzulo ya a Julius Chongo pa wailesi adziwa kuti anthu athu sanavutikepo na nkhani yobwela pang’ono-pang’ono. Anali kuyembekezela tsiku lake, n’kuikambilana mlungu wonse. A Chongo anali kudziwa kuti kumbali inayo kuli makutu amoyo, ndiye cifukwa cake Cinyanja cawo cinali cakuthwa. Wolemba amene adziwa kuti Ciwelu cikubweraci anthu 30 adzagwila pepala lake salemba moni wa masamba atatu.

Cimodzi nivomela, kuti n’sakhale wabodza. Kudziikila tsiku lomaliza kumathandiza, ndipo pali anthu amene akanafa osalembako kalikonse pakanapanda November ameneyu kuwakankha. Ngati ndimwe mmodzi wa iwo, ndipo mantha a pepala loyela ndiwo mdani wanu, thamangani, koma kamodzi cabe. Amene nilimbana nawo ni ife a caka cacitatu, cacinayi, cacisanu, amene tili na mafayilo ounjikana ngati matumba a cimanga cofumbwa ndipo tikali kudzicha olemba mabuku. Kuthamanga kumatikomela cifukwa kumatiteteza ku cinthu coopsa kweni-kweni, cimene ni kuona nkhope ya munthu pamene awelenga zimene walemba, n’kufika pa tsamba lacitatu, n’kuyamba kuyang’ana pa foni.

Ine cimene cinanicitikila caka catha n’cimeneco. N’napanga makope 25 a nthano ya masamba 12. N’nagulitsa 9, atatu mwa iwo pa nkhongole imene mpaka lelo sinabwele. Mlamu wanga ananiuza kuti mapeto ake ni aulesi, ndipo anali kunena zoona. Makope 16 otsalawo ali m’katoni ya sopo pamwamba pa wadilopu, ndipo mapetowo nawalembanso kawili. Stepula ya mkono wautali nili nayo, wofuna kubweleka abwele na mapini ake.