ZA M'BANJA MWATHU: Kodi Chimene Tagulacho N'chathudi?

Mwezi uno tikambirane za masewera a pakompyuta, pakuti m'mabanja ambiri a m'tauni, ndiponso kwa abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London, ndalama zochuluka zikuthera pa zimenezi.

Kale wofuna masewerawa ankapita kusitolo, napereka ndalama, nabwerera kwawo ndi chimbale m'manja. Koma chiyambire chaka cha 2003, pamene kampani ya Valve inatsegula Steam, anthu anayamba kuzolowera kulipira pa intaneti ndi kukopera masewerawo m'makina mwawo. M'chaka cha 2020 a Sony anatulutsa PlayStation 5 ya mitundu iwiri, ndipo mtundu winawo unalibe ndi polowetsera chimbale pomwe.

Tisakane, njira yatsopanoyi ili ndi zokoma zake. Palibe ulendo wa kusitolo, palibe chimbale chokalika kapena kusweka, ndipo nyengo zina mitengo imatsitsidwa kwambiri. Pa Steam munthu angathe kubwezeredwa ndalama zake ngati sipanathe masiku 14 chigulire, ndiponso ngati sanasewere kupitirira maola awiri.

Komabe akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Wogula pa intaneti amalandira chilolezo chosewerera chabe. Katunduyo amakhalabe wa mwini wake. Chimbale mwana angabwereke mnzake, angasiyire mng'ono wake, kapena kuchigulitsa atatopa nacho, koma chilolezo sichigulitsika motero. Nayo misika ya pa intaneti imatsekedwa: mu March 2023 a Nintendo analeka kugulitsa masewera a Wii U ndi 3DS pa msika wawo. Mu 2024 a Ubisoft anazimitsa makina oyendetsa masewera otchedwa The Crew, ndipo onse amene anagula, ngakhale okhala ndi chimbale, sanathenso kusewera. Apa tiona kuti nacho chimbale sichitchinjiriza ngati masewerawo sayenda popanda intaneti. Chaka chomwecho boma la California linakhazikitsa lamulo lakuti ogulitsa aziuza anthu poyera kuti chimene akugulacho ndi chilolezo.

Nanga ife tichitenji? Poyamba, tiwerengere mtengo wonse. Masewera ena aakulu amaposa magigabayiti 100, ndipo kwathu kuno, kumene ambiri timagula intaneti ya mabandulo, kukopera kokhako kungadye ndalama ya ufa ndi ndiwo. Chachiwiri, tifunse tisanalipire ngati masewerawo amayenda popanda intaneti, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Chachitatu, bambo kapena mayi asasiye nambala za khadi la kubanki zitasungidwa m'makina a mwana, chifukwa ndalama yosaoneka ndi maso siiwawa poituluka. Chachinayi, tiyang'ane chizindikiro cha msinkhu. Pa chikuto cha chimbale chimaonekera msanga, monga 12, 16 kapena 18, koma zogulidwa pa intaneti zimalowa m'nyumba kholo losaziona.

Chuma chimene tili nacho tinangosungitsidwa ndi Mulungu, ndipo tidzayankhapo. Tsono mwana akapempha masewera, tisamkalipire, tisampatsenso mwachimbulimbuli. Tikhale naye pansi, tiwerengere pamodzi, kuti aphunzire akali wamng'ono kusiyanitsa chake ndi chobwereka.

Ambuye asunge mabanja athu onse kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.