Mawu a Mkonzi: Zotsatira za Kuyeza Mbalame Zizibwerera kwa Anthu a ku Luangwa

Chimfine cha mbalame chimayamba ndi kachilombo kamene kamakhala m'mbalame za m'madzi monga atsekwe, abakha akutchire ndi avuwo. Zambiri mwa mbalamezi zimanyamula kachilomboka osadwala, n'kumakasiya m'zitosi m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo. Mitundu yambiri ya kachilomboka ndi yofooka, koma ina ya m'magulu a H5 ndi H7 ikalowa m'khola imatha kupululutsa nkhuku pafupifupi zonse m'masiku awiri kapena atatu. Anthu sadwala matendawa kawirikawiri, ndipo ambiri mwa amene anadwalapo anali atagwira, kusosola kapena kutumbula mbalame zodwala kapena zofa zokha.

Kuyeza mbalame zakutchire si kwachilendo m'Zambia. Akatswiri a zachipatala cha ziweto a pa University of Zambia, mothandizana ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan, anayamba kutola zitosi za mbalame ku Lochinvar National Park m'chigwa cha Kafue. Mu 2006 anapeza kachilombo ka H3N6 m'zitosi za vuwo. Mu 2008 ndi 2009 anayeza zitosi zoposa 3,000 n'kupezamo tizilombo 12, tonse ta mitundu yofooka. Inali ntchito yabwino, koma inachitikira kutali ndi Zambezi wakumunsi, ndipo zotsatira zake zinalembedwa m'Chingerezi m'magazini a sayansi amene mlimi wa nkhuku sawaona.

Boma la Luangwa, limene ambiri amalitchulabe kuti Feira, lili pamalo ofunika kuyang'aniridwa. Apa mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Tsidya lina kuli Zumbo ku Mozambique, tsidya linalo kuli Kanyemba ku Zimbabwe, kumtunda kuli Lower Zambezi National Park ndipo kumunsi kuli nyanja ya Cahora Bassa. Mbalame zimayenda m'madzi onsewa, ndipo mabwato amawolotsa anthu, nsomba ndi nkhuku zamoyo tsiku ndi tsiku. Matendawa afika kale kwa oyandikana nawo. Mu 2017 mtundu wa H5N8 unapha nkhuku pafamu ina yaikulu pafupi ndi Harare komanso ku South Africa. Mu 2023 mitundu ya H5 ndi H7 inachititsa kuti nkhuku mamiliyoni ziphedwe ku South Africa mpaka mazira kusowa m'masitolo, ndipo chaka chomwecho matendawa anapezeka m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique.

Kayezedwe kake sikovuta kumva. Woyeza amapukuta kathonje kukhosi ndi kotulukira zitosi kwa mbalame, kapena amatola zitosi zaziwisi pamchenga pamene mbalame zagona, n'kuika m'kabotolo kokhala ndi mankhwala osungira. Kabotoloko kayenera kukhala pozizira mpaka kafike ku labotale, monga ya Central Veterinary Research Institute ku Balmoral pafupi ndi Lusaka. Kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa m'mwezi wa Okutobala kumawononga msanga zinthu zoterezi. Choncho lipoti la mbalame zakufa likachedwa kufika ku ofesi ya zaziweto, kapena ofesiyo ikasowa bokosi lozizira ndi mafuta a galimoto, kuyeza kumakhala kutalephera kusanayambe.

Chifukwa chachikulu chofunira kuti zotsatira zibwerere kumudzi ndi chitopa. Zizindikiro za chitopa ndi za chimfine cha mbalame zimafanana kwambiri moti ngakhale dokotala wa ziweto sangazisiyanitse ndi maso okha. Mayi akadzuka m'mawa n'kupeza nkhuku zisanu zitafa pansi pa nkhokwe, zina zitazyolika, mapiko ali pansi, lipombo litada, amangoti chitopa chabweranso. Amapha zotsalazo msangamsanga kuti apulumutseko ndiwo, kapena amazithamangitsira kumsika. Chitopa chili ndi katemera wodonthezera m'diso ndipo sichiopsa kwenikweni kwa munthu, koma ngati chimene chapha nkhukuzo ndi chimfine cha mtundu wa H5N1, manja amene akusosola nthenga ali pangozi ndipo msika ufalitsa matendawo. Anthu a m'chigwa chino akudziwa kuopsa kwa nyama yofa yokha: mu 2011 anthu mazanamazana ku Chama anadwala anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zakufa.

Zambia, monga membala wa World Organisation for Animal Health, imayenera kudziwitsa bungweli pasanathe maola 24 ikapeza chimfine choopsa cha mbalame. Sizoyenera kuti ofesi ya bungweli ku Paris imve msanga pamene msodzi amene anatola tsekwe wakufa akudikirabe. Lamulo la Access to Information Act la 2023 limapatsa nzika ufulu wopempha nkhani m'maofesi a boma, koma nkhani ya mliri siyenera kudikira kalata yopempha. Dipatimenti ya zaziweto ndi ya National Parks and Wildlife zizilengeza zokha malo amene zatenga mbalame kapena zitosi, tsiku, mtundu wa mbalame, ndi chimene chapezeka. Zizilengezanso pamene sizinapeze kanthu, chifukwa munthu amene anapereka lipoti osamva yankho sabwereranso kachiwiri.

Ena amaopa kuti kulengeza kungagwetse malonda a nkhuku ndi kuthawitsa alendo odzaona nyama. Manthawo ndi omveka, koma mphekesera zimawononga msika koposa chilengezo chonena malo enieni ndi chimene chayezedwa. Boma lizinenanso poyera ngati mlimi amene nkhuku zake zaphedwa poletsa mliri adzalipiridwa, apo ayi ambiri adzabisa.

Zotsatirazo zilembedwe m'Chinyanja chomveka, zikhomedwe pamsika, padoko ndi pazipatala monga ya Katondwe, ziwerengedwe pawailesi, ndipo ziperekedwe kwa Senior Chief Mburuma ndi Chief Mphuka kuti nduna ndi anyakwawa azifikitse m'midzi. Ofesi ya zaziweto ya Luangwa igwirizanenso ndi anzake a ku Zumbo ndi ku Kanyemba kuti mbalame zikafa mochuluka tsidya limodzi, matsidya enawo amve tsiku lomwelo.