MUSAMNENE ULESI MLIMI WA MPUNGA

Abale anga a m'komboni, mukamva kuti alimi a ku Sumatra, m'dziko la Indonesia, alikukwirira madimba ao a mpunga ndi kubzalamo kanjedza wa mafuta, musafulumire kuwatukwana. Akuru a m'maofesi ati alimiwo ngaulesi ndi aumbombo. Bodza! Ine ndinali kalaliki pa mgodi, ndipo ndidziwa kuti wolemba mtengo m'buku ndiye alamulira wogwira khasu.

Kale cinali cibalo. M'caka ca 1830 Kazembe wa Azungu a ku Holland, van den Bosch, analamula midzi ya pa cisumbu ca Java kupatula gawo limodzi la magawo asanu a minda yao, alimemo nzimbe, khofi ndi zomera za utoto wa nsaru, zonse zopita ku Ulaya. Nzimbe zinalanda madzi ndi manja a mpunga, ndipo m'zaka za 1840 njala inapha anthu ambiri ku Cirebon, Demak ndi Grobogan.

Dzikolo linalengeza ufulu wace mu 1945, cikoti cinapita. Nanga lero apirikitsa mlimi ndani?

Tawerengani naye. Mpunga ufuna madzi a m'ngalande, ndipo ngalande ikagumuka mlimi angoyang'ana kumwamba. Ufuna kufesa, kuoka, kupalira, kuingitsa mbalame tsiku lonse. Ndarama zibwera pakukolola pokha. Mtengo ukati ukwereko, boma liopa pakamwa pa anchito a m'tauni, anthu onga ife tomwe. Mu 2017 linaika malire a mtengo wa mpunga m'masitoro, ndipo mu 2023 linaitanitsa matani okwana ngati 3 miliyoni kunja. Kanjedza uyamba kubala patapita zaka zitatu kapena zinai, ndipo kuyambira pamenepo mlimi adula zipatso masabata awiri ali onse kwa zaka ngati 25. Kodi inu, mutauzidwa kusankha malipiro a pa caka ndi a pa masabata awiri, mungatenge ati? Tsono mnansi akabzala kanjedza, makoswe ndi mbalame zonse zithamangira pa dimba limene latsala, mwini wace nayenso nagonja.

Sindinena kuti mlimiyo wapulumuka, iai. Cipatso ca kanjedza sicilowa m'nkhokwe, sungaphikire mwana. Cikacedwa masiku awiri caonongeka, motero mwini fakitale anena mtengo, mlimi nabvomera. Mu April 2022 boma linaletsa kugulitsa mafutawo kunja kwa masabata atatu. Mtengo wa zipatso unagwa pomwepo, ndipo woyamba kulira anali mlimi wamng'ono, amene tsopano agula mpunga ku sitoro.

Boma linapanga Lamulo 41 la 2009 loteteza minda ya cakudya. Cabwino. Koma lamulo liri pa pepala, ngalande iri cigumukire. Ofuna mpunga ayambe akonza ngalandeyo, alipire mlimi mtengo wom'kwanira kutumiza mwana ku sukulu, ndipo pamenepo abwere kudzam'funsa za kanjedza wace.