Kachisi wa udzu sachititsa manyazi

Mwezi wathawu ndidachita manyazi pamaso pa mlendo. Mtsikana wina wa ku Japan, mmodzi mwa achinyamata ongodzipereka amene dziko lawo lakhala likutitumizira kuyambira 1971, adandipempha kuti ndimuonetse malo akale a Achewa muno mu Lilongwe. Tidayambira pamsika ku Old Town, n'kuoloka mlatho umene boma la kwawo lomwelo lidatikulitsira, mpaka ku City Centre pamanda a Kamuzu, n'kuthera pachipilala cha asilikali. Apo mlendo adafunsa mwaulemu: "Nanga za makolo anu zili kuti?" Ine kakasi.

Pofuna kuthawa manyazi ndidayankha zimene ambirife timayankha, kuti makolo athu ankamanga ndi udzu ndi mitengo, choncho zonse adadya ndi chiswe. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Iye adandiuza za kachisi wa ku Ise, malo opatulika kuposa onse a chipembedzo cha makolo awo cha Shinto, kumene anthu miyandamiyanda amapita chaka chilichonse. Kachisiyo, abale anzanga, ndi wa mitengo, ndipo denga lake ndi la udzu. Pakatha zaka 20 amamanga watsopano pambali pake n'kugwetsa wakale. Mwambowu udayamba zaka zoposa 1,300 zapitazo, ngakhale nkhondo zidaudukizako. Adammanga komaliza mu 2013, ndipo adzammanganso mu 2033. Mmisiri amene adagwira nsompho ali mnyamata amadzaphunzitsa anzake ali ndi imvi. Chimene akusunga si mtengo ayi, koma luso.

Kodi izi n'zachilendo kwa ife? Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, naye ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu kamene eni mwambo amakamanganso kakagwa. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu amanyadira wawo, pamene ife ophunzira timautcha wathu zachikunja.

Ena anena kuti Japan ndi dziko lolemera, ife tilibe ndalama. Tiyeni tione. Mu 1949 moto udaononga zojambula zakale m'kachisi wa Horyu-ji ku Nara, kumene kuli nyumba zamitengo zakale kwambiri pa dziko lonse. Chaka chotsatira, mu 1950, adakhazikitsa lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe chawo. Nthawi imeneyo dzikolo lidali pa umphawi wadzaoneni, mizinda yake yambiri nkhondo itaisandutsa phulusa. Kuyambira 1955 boma lidayamba kusankha akatswiri a zoumba, zoluka ndi zisudzo zamakolo, ndipo limawapatsa ndalama chaka ndi chaka kuti aphunzitse owalowa m'malo. Sadadikire kulemera kaye. Lero alendo amene amadzaza Kyoto, Nara ndi Himeji akubweza ndalama imeneyo.

Nanga ife tilibe choonetsa? Tili nacho, ndipo pafupi pomwepa. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau. Bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, litatama kale Gule Wamkulu mu 2005, ndipo phiri la Mulanje lidalowa mu 2025. Chakumadzulo kwathu kuno, ku Dzalanyama, kuli Kaphirintiwa, kumene makolo ankati anthu oyamba adasiya mapazi pathanthwe. Kufupi ndi komweko kuli Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula. Koma pitani kuphanga la Chentcherere mukaone maina amene anthu adalembalemba pamwamba pa zojambula za makolo. Ndipo funsani mwana wa ku Area 10 kapena Area 43 kuti Msinja ndi kuti, muone ngati akuyankheni.

Lilongwe lidakhala likulu mu 1975. Patha zaka zoposa 50, maboma abwera ndi kupita, koma nyumba yaikulu ya boma yosungira zinthu zakale ikadali ku Chichiri, ku Blantyre. Wofuna kuona zigoba za Gule Wamkulu zosungidwa mwadongosolo ayenera kutsikira ku Mua, ku Chamare, kumene adazisonkhanitsa ndi wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher. Tiwathokoze, koma tichitenso manyazi.

Pali nkhawa imodzi yomveka. Akuluakulu amaopa kuti alendo akachuluka, zinsinsi za kudambwe ndi kutsimba zisanduka malonda. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma ngakhale ku Ise mlendo wamba amalekeza pampanda, saloledwa kujambula pamalo opatulikitsa, ndipo sadandaula. Malire aziika eni mwambo, mafumu ndi anamkungwi, osati wamalonda kapena wandale wofuna gule pamsonkhano wake.

Choncho pempho langa n'lachidule. Boma limange nyumba yosungira zakale muno mulikulu. Osunga malo ngati Msinja ndi Chongoni azilandira kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo pa ndalama zimene alendo amalipira, gawo lizitsala m'midzi yozungulira. Inunso amene mudabwerera kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London, mudaona kumeneko mmene eni dziko amalemekezera zakale zawo. Loweruka likubwerali, m'malo mozungulira m'masitolo, kwezani ana m'galimoto mulunjike ku Dedza.

Kwa Ajapani talandira milatho, zipatso za bwalo la ndege lokulitsidwa ndi aphunzitsi. Phunziro la udzu ili akutipatsa ulere. Mlendo wanga uja ndamulonjeza ulendo wa ku Chongoni, ndipo ndiulule pano kuti inenso kukhala koyamba kupondako.