Mwana Akafuna Kusiya Biology N'kuyamba Physics

Zotsatira za mayeso a kukoleji zikatuluka, m'nyumba zina muno mu Dublin mumavuta. Mwana amene tinkafuna adzakhale dokotala walephera Biology, ndipo akuti akufuna Physics. Ambirife timathamangira kukalipa kuti ndi ulesi.

Tiyambe tamufunsa chomwe chamugwetsa. Ngati ndi kuloweza mayina ambirimbiri, koma masamu amakhoza, mwina akudziwa chimene akunena. Ngati ndi masamu amene, Physics idzamuliza kuposa pano, pakuti phunziroli limayenda pa masamu kuyambira tsiku loyamba.

Tiwerengenso ndalama. Kawirikawiri boma la Ireland sililipirira fizi ya chaka chobwereza, ndipo SUSI nayonso sithandiza pa chaka chotero. Wofuna kuyambiranso kudzera ku CAO alembetse pofika 1 February. Koma asanatero, akafunse kukoleji kwake ngati angasinthe kosi ali momwemo. Paja safunsa adadya phula.

Tisaganize kuti Biology imene waphunzira yapita pachabe. Mu February 1943, katswiri wa Physics, Erwin Schrödinger, adakamba ku Trinity College za chomwe moyo uli. Buku lake la 1944 lidakopa Francis Crick, nayenso wa Physics, amene mu 1953 adatulukira kapangidwe ka DNA pamodzi ndi James Watson. Zipatala nazonso zimalemba ntchito akatswiri a Physics oyang'anira makina ochizira khansa.

Choncho makolo anzathu, tikhale naye pansi mwanayo, zotsatira zake zili patebulo, tisanamuweruze.